Droni yogula ku Durban pa Joni: mpweya wopepuka ndi ayezi pa mapulopela

Zolembazi ndi za abale amene mukugwira ntchito ya droni kuno ku Gauteng, makamaka inu amene munaphunzirira kumudzi. Makina ake ndi awa: felemu ya 650 mm ya mota zinayi za 380KV (KV ndi liwiro la mota pa volt iliyonse), mapulopela a mainchesi 15 (15x5), batire la 6S la 10,000 mAh, ndi Pixhawk, kakompyuta koyendetsa droni, yoyendera pulogalamu ya ArduPilot. Ikavala kamera imalemera 3.4 kg. Tinaigula R19,000, yogwirapo kale ntchito. Ntchito yake ndi kujambula mapu a famu ina kum'mwera kwa Johannesburg, yomwe mbali yake imodzi imatsetsereka mpaka kumtsinje. Kuuluka konse kukuchitika pansi pa kampani yomwe ili ndi zilolezo za SACAA, bungwe loyang'anira za ndege ku South Africa.

8 Febuluwale: mphindi 11 zasowa

Log (zolembedwa za maulendo ake) yomwe inabwera ndi droniyi ikuonetsa kuti ku Durban inkakhala m'mwamba mphindi 32, ikukoka 15 A ikaima malo amodzi. Ife taiulutsa 2 koloko masana, kunja kuli 29°C, ndipo pa mphindi 21 alamu ya batire inali ikulira. Imakoka 17.5 A. MOT_THST_HOVER, throttle (mphamvu yopita ku mota) yoimitsira droni malo amodzi, yomwe ArduPilot imaiphunzira yokha, yachoka pa 0.40 kufika pa 0.51.

Wogulitsa sananame ayi. Durban ili m'mphepete mwa nyanja, pomwe Johannesburg ili mamita pafupifupi 1,750 pamwamba pa nyanja. Bwalo la ndege la OR Tambo lili pa mafiti 5,558. Lilongwe ndi Blantyre angodutsa pang'ono mamita 1,000, ndiye musadalire manambala omwe munazolowera kwathu. Barometa, yoyeza kupanikiza kwa mpweya, pafamupo imawerenga 832 hPa. Kuti mupeze kulemera kwa mpweya, mukagawa 83,200 (832 hPa ija mu Pa) ndi 287 (nambala yokhazikika ya mpweya), kenako ndi 302, komwe ndi kutentha kuja mu kelvin, mupeza 0.96 kg pa kiyubiki mita. Kunyanja muyezo wake ndi 1.225. Pulopela ili ndi mpweya wochepa woti ikankhe, choncho kuti inyamule katundu yemweyo iyenera kuzungulira mofulumira ndi 13 pa 100, ndipo magetsi nawo amakwera chimodzimodzi. 15 A ija ikhala 17 A.

Oyendetsa ndege amawerengera mwachidule, ndipo amati density altitude, kutalika komwe mpweya wopepukawo ukufanana nako. Pa mafiti 5,400 kutentha kwa muyezo ndi 4°C, ndipo digiri iliyonse yopitirira pamenepo imawonjezera mafiti 120. Lero tapitirira ndi madigiri 25, ndiye mafiti 3,000 owonjezera. Droni idakali pa udzu, koma mapulopela akumva ngati ali pa mafiti 8,400, ngati pamapiri a Nyika.

Komabe mpweya wokha sukufotokoza zonse. Pa 17.5 A, tikagwiritsa 8,000 mAh n'kusiya yotsalayo, tiyenera kupeza mphindi 27. Zisanu ndi chimodzi zinazo zili kwina.

15 Febuluwale: batire

Talitsitsa pa chaja n'kupeza 7,900 mAh basi. Selo imodzi ili ndi internal resistance (kukaniza magetsi mkati mwake) ya 9 milliohm pomwe zinzake zili pa 4. Batire latsopano R3,400. Mphindi 27 zabwerera.

1 Malichi: mapulopela a mainchesi 17

Magetsi oimitsa droni malo amodzi amatsika molingana ndi kukula kwa pulopela. 17 kugawa ndi 15 ndi 1.13, ndendende zomwe mpweya watilanda. Felemu ikulola: pakati pa mota zoyandikana pali 460 mm, pulopela ya mainchesi 17 ndi 432 mm, mpata wotsala 28 mm. Tagula anayi a kaboni, R900, ndi thermometer yoloza patali, R350.

Batire linasangalala, likukoka 15.4 A. Mota ndi zomwe zinadandaula. Itatera patatha mphindi 12, imodzi inali pa 78°C, yosagwirika ndi chala. Pulopela yaikulu imazungulira pang'onopang'ono koma imafuna mphamvu yambiri yopotokola, ndiye waya wa mkati mwa mota amatentha kwambiri ngakhale nambala ya pa batire yatsika. Kuonjezera apo mpweya wopepuka suziziritsa bwino. Maginito wamba amayamba kufooka cha pa 80°C, ndipo akafooka sabwereranso. Njira yeniyeni ndi kugula mota za KV yotsika, koma ndalama yake palibe. Mapulopela aja tawasunga m'bokosi.

15 Malichi: mainchesi 16 ndi mwendo wothyoka

A 16x5.4, R860. Akukoka 16.4 A pa 28°C, mota yotentha kwambiri ili pa 63°C, mphindi 29. Pamenepa tavomera.

Mukasintha mapulopela bwerezani Autotune, momwe droni imadzipezera yokha manambala oyendetsera, m'mawa kopanda mphepo. Ife tinathamangira kuuluka ndi manambala a ku Durban. Potsika kuchokera pa mamita 40 molunjika, droni inayamba kugwedezeka chifukwa imagwera mumpweya womwe yavundula yokha. Woyendetsa anakankha throttle pa mamita asanu, koma mphamvu yotsala yoimitsira inali yochepa kusiyana ndi kunyanja. Inafika pansi ndi phokoso, mwendo umodzi thyo. R280. Tsopano PILOT_SPEED_DN, liwiro lotsikira, ili pa 120 cm pa sekondi, ndipo timatsika ikuyenda chamtsogolo pang'ono kuti mapulopela azipeza mpweya wabwino.

12 Epulo: mafiti 400 kuchokera pati?

Malamulo a droni muno mu South Africa ali mu Part 101, omwe anayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2015. Popanda chilolezo chapadera simudutsa mafiti 400 kuchokera pansi, omwe ndi mamita pafupifupi 120. Simuuluka mkati mwa makilomita 10 kuchokera pa bwalo la ndege, kapena mkati mwa mamita 50 kuchokera pa anthu, nyumba ndi msewu. Mukajambula zozungulira za makilomita 10 pa OR Tambo, Rand ku Germiston, Grand Central ku Midrand ndi Lanseria, n'kuonjezapo timabwalo ting'onoting'ono, muona kuti Joni yambiri yatha. Amene mukuulutsa pongosangalala malire anu ndi othina kuposa pamenepa, muwerenge gawo lanu.

Cholakwika chathu chinali ichi. FENCE_ALT_MAX, mpanda wa kutalika komwe droni sidutsa, tinaiika pa mamita 110, koma droni imawerenga kuchokera pomwe yanyamukira, osati pansi pomwe ili pa nthawiyo. Tinanyamukira kumtunda, pafupi ndi khola, ndipo kumtsinje n'kotsika ndi mamita 35. Ikafika kumeneko sikirini imati 110, pomwe pansi pali mamita 145. Tazindikira poona zithunzi: za kumtsinje zinali zosaoneka bwino kusiyana ndi za kumtunda. Takonza mission, njira yomwe droni imatsata yokha, mu pulogalamu ya Mission Planner kuti izitsata mtunda pa mamita 80. Mapu a mtunda omwe pulogalamuyi imagwiritsa ntchito sadziwa mitengo kapena mapolo a magetsi, ndiye famu yonse taizungulira wapansi n'kuyeza. Bulugamu wamtali pamenepo ndi mamita 26, pomwe RTL_ALT, kutalika komwe droni imabwererapo yokha, imabwera ili pa 1500 cm. Tikanaisiya choncho, tsiku lina ikanabwerera kudzera mumtengo. Taiika pa 4000.

Barometa nayo imanama nyengo ikamasintha. Pamtunda ngati uno 1 hPa ndi mamita pafupifupi 10. Mvula yamabingu ikamayandikira, mpweya utha kusuntha ndi 2 hPa droni ili m'mwamba, ndiye mamita 20 alakwika. N'chifukwa chake mpanda wathu tautsitsa kufika pa 100. Kasiponji kophimba barometa kanali katafumbutuka, tasintha. Kamatchinga mphepo ya mapulopela ndi kuwala kwa dzuwa.

Achimwene ena anafunsa kuti nanga bwanji pa bokosi la droni ya Mavic 3 analemba mamita 6,000, pa Mini 2 mamita 4,000. Imeneyo ndi nambala yochokera kunyanja, yonena pomwe mapulopela amasiyira kupeza mpweya wokwanira, si chilolezo. Ngakhale Matrice 300 imafika mamita 5,000 ndi mapulopela wamba, ndipo kuti ifike 7,000 imafuna mapulopela ena apadera. Nkhani yake ndi yomweyi tavutika nayo mu Malichi.

3 Meyi: helikopita pa mawaya

Mawaya akuluakulu a magetsi amadutsa kumalire a famu. Cha m'ma 10 koloko helikopita ya R44 inabwera motsata mawayawo, motsika kuposa droni yathu. Woyang'anira m'mwamba anaimva isanaoneke, ndipo tinatsitsa droni kufika pansi pa msinkhu wa mitengo. Ndege zokhala ndi anthu kawirikawiri sizitsika pansi pa mafiti 500, n'chifukwa chake ife anatipatsa 400, koma helikopita zoyendera mawaya, zolondola galimoto zobedwa ndi zonyamula odwala zimatsika kuposa pamenepo. Wopatuka ndi inu nthawi zonse. Kuyambira lero sitiuluka popanda munthu wachiwiri amene ntchito yake ndi kumvetsera basi, foni ili m'thumba.

Musaganize kuti woyendetsa helikopita akuzembani mosavuta. Mpweya womwe wativuta ife ukumuvutanso iye, kawiri: mapiko akusowa chokankha, injini ikusowa chopuma. R44 Raven II ikadzaza mpaka malire ake a mapaundi 2,500, imatha kuima malo amodzi kutali ndi nthaka mpaka mafiti 4,500 okha. Joni ili pamwamba pa nambala imeneyo asananyamuke n'komwe. Pafupi ndi nthaka, pomwe mpweya wokankhidwa umagunda pansi n'kuthandiza, imafika mafiti 8,950. Ndiye masana otentha woyendetsa amachepetsa mafuta kapena anthu, ndipo mphamvu yokwerera mwadzidzidzi sakhala nayo yambiri. Didier Delsalle anateradi pa nsonga ya Everest pa 14 Meyi 2005 ndi AS350 B3, koma anali yekha, mu helikopita ya injini ya turbine yomwe anaichotsa mipando kuti ipepuke.

Pa ayezi, helikopita za R22 ndi R44 Raven I zili ndi vuto lomwe droni ya magetsi ilibe. Zili ndi kabuleta, kosakaniza petulo ndi mpweya, ndipo petulo akamasanduka nthunzi pakhosi pa kabuleta kutentha kumagwa ndi madigiri 20 kapena kuposa. Ayezi amatha kutseka njira ya mpweya kunja kuli 20°C, bola chinyezi chikhale chambiri. Gavana wa injini, yemwe amasunga liwiro lake, amabisa vutoli potsegula throttle yekha mpaka itatha. Pa R22 geji ya kabuleta ili ndi chigawo chachikasu kuyambira -15°C mpaka 5°C, ndipo mphamvu ikatsika pansi pa mainchesi 18 pa geji ya mphamvu ya injini, woyendetsa amakoka carb heat, yotenthetsera kabuleta, yonse osayang'ananso geji. Amene mukuganiza zogula droni ya injini ya petulo, nkhaniyi ikukhudzani.

21 Juni: kuzizira

7 koloko m'mawa, -1°C, udzu uli mbuu ndi chisanu. Mpweya walemera kufika 1.07, droni ikukoka 15.5 A, mphepo zii. Pa manambala, ino ndiye nthawi yabwino kuposa zonse pachaka.

Mabatire anagona m'galimoto ndipo anali pa 4°C. Pa mphindi yachiwiri, ikukwera, voteji inagwa kufika 20.4 V, kudutsa BATT_LOW_VOLT, malire athu a voteji a 21.0, droni n'kutembenuka yokha kubwerera. Batire linali lodzaza, koma LiPo (batire la lithium ngati ili) yozizira imakana kutulutsa magetsi. Tagula cooler box ndi botolo la madzi otentha, R260. Botolo timalikulunga thaulo kuti lisakhudze batire, mkati mukhale cha pa 25°C. Ikanyamuka imaima kaye mphindi imodzi pa mamita atatu tikuyang'ana voteji. Batire la lithium lomwe lili pansi pa 0°C musalitchaje, limawonongeka mkati mosaoneka.

Droni musaisiye pa udzu podikira dzuwa. Mphindi 20 zokha mapulopela a kaboni anali atachita chisanu pamwamba, akukhakhala ngati sandipepa. Pukutani mpaka aume.

5 Julayi: ayezi pa mapulopela

Walira mvula walira matope. Tinafuna mpweya wolemera wa m'mawa, lero taona chomwe umabwera nacho.

Kumtunda kunali kowala, -2°C. Kumtsinje kunali kankhungu kopyapyala, koti munthu umaona mitengo ya tsidya lina bwinobwino. Tinanyamukira kumunsiko kuti tiyese kamera pa mamita 12, droni ikuoneka nthawi yonse. Mphindi yoyamba 15.5 A. Yachiwiri 16.3. Yachitatu 17.8, ndipo kulira kwa mapulopela kunasintha, kukhala kokhakhala. Pa mphindi yachinayi inali pa 19.6 A, ikunjenjemera mooneka ndi maso. Tinaitsitsa pompo.

Kumphepete yakutsogolo kwa pulopela iliyonse kunali kamzere koyera ka ayezi, kokhuthala mamilimita awiri, kuyambira chapakati kulowera kunsonga, kamanyamanya ngati shuga wonyowa amene wauma pa supuni. Pa mapulopela awiri, mbali imodzi inali itataya chidutswa cha masentimita atatu kunsonga pomwe inzake idakali nacho. Felemu, miyendo ndi kamera zinali zouma. Titagwira ndi chala kamzere kanasungunuka nthawi yomweyo. N'chifukwa chake droni ikagwa ndi vutoli, mwini wake pofika pamalopo sapeza kanthu, n'kumanamizira mota.

Timadontho ta nkhungu timakhalabe madzi ngakhale kuzizira kutadutsa 0°C, mpaka titagunda chinthu. Pulopela ndi yopyapyala ndipo imathamanga, ndiye imatolera timadontho tambiri pomwe felemu yongoima siitolera kanthu. Ayezi akasintha maonekedwe a mphepete ija, kunyamula kumachepa, kukoka kumachuluka, ArduPilot n'kumawonjezera throttle mwakachetechete ngati gavana wa R22 uja. Kutalika pa sikirini sikusintha mpaka throttle itatha. Choopsa kwambiri ndi kutaya ayezi mbali imodzi. Mu log, VIBE yathu, nambala ya kunjenjemera, imakhala pansi pa 15, koma lero inafika 48. ArduPilot imachenjeza kuti kudutsa 30 mavuto amayamba, ndipo kudutsa 60 droni imasokonezeka kudziwa kutalika kwake, mwina n'kuthawira m'mwamba.

Pano pa Joni throttle yotsala ndi yochepa kale, ndiye nthawi yochokera pomwe ayezi ayamba kufika pomwe droni yalephera ndi yaifupi kuposa kunyanja. Helikopita zazing'ono zonse zija n'zoletsedwa kulowa dala momwe muli ayezi pa chifukwa chomwechi: mapiko ake alibe chotenthetsera.

Ambiri amaganiza kuti popeza dzinja la kuno ndi louma, vutoli ndi la ku Ulaya. Chipale chofewa chinagwadi pa 10 Julayi 2023, koyamba kuchokera mu Ogasiti 2012, koma chimenecho si chomwe chingakugwetsereni droni. Ndi nkhungu ya m'zigwa, m'mphepete mwa mitsinje ndi madamu, momwe mpweya wozizira umatsikira usiku. Amene munakulira ku Thyolo kapena ku Mulanje mukuidziwa chiperoni. Ganizirani chinyezi chomwecho kunja kuli pansi pa ziro.

12 Julayi: mankhwala opopera

Tayesa zomwe anthu amanena. Pulopela imodzi tinaipopera silicone, ina tinaipaka polishi ya galimoto, ziwiri tinazisiya. R190. Droni tinaimangirira pa matabwa olemera kumtsinje komweko, -1°C, nkhungu ngati ya sabata yatha. Patatha mphindi zisanu onse anayi anali ndi ayezi. Ya silicone inataya zidutswa msanga, zomwe zinangowonjezera kunjenjemera. Mankhwala amachoka pamphepete chifukwa cha liwiro. Ndalama imeneyi musaononge.

19 Julayi: lamulo lomwe takhazikitsa

Tagula kachipangizo koyeza kutentha ndi chinyezi komwe kamaonetsanso dew point (kutentha komwe chinyezi chimasanduka mame kapena nkhungu), R420. Timayezera pamalo otsika kwambiri omwe droni idzadutse, osati pagalimoto. Pa 5 Julayi paja kusiyana kwa kumtunda ndi kumtsinje kunali kooneka ndi maso, ife n'kusakulabadira.

Ngati kunja kuli 4°C kapena kutsika, ndipo dew point yayandikira ndi madigiri atatu kapena kuchepera, sitiuluka. Ngati pali nkhungu kapena mvula yowaza pa kuzizira kumeneko, sitiuluka ngakhale manambala atanena zina. Malire tawaika pa 4 osati pa ziro chifukwa kachipangizo kotchipa kamaphonya ndi digiri imodzi kapena ziwiri, komanso pamsana pa pulopela mpweya umazizira pang'ono kuposa wozungulira.

METAR (lipoti la nyengo la pa bwalo la ndege) ya OR Tambo, yomwe chizindikiro chake ndi FAOR, imathandiza musanachoke kunyumba. M01/M02 ndiye kuti kutentha -1°C, dew point -2°C. FZFG ndi nkhungu youndana. Mukafuna kudziwa pomwe mtambo wayambira, digiri iliyonse ya kusiyana kwa ziwirizi ndi mamita pafupifupi 125, ndiye kusiyana kukakhala digiri imodzi mtambo uli pomwe mukufuna kuulukapo. Koma bwalolo lili pamtunda poyera, ndipo silidziwa zomwe zikuchitika m'chigwa chanu.

Pa wailesi taika alamu ya magetsi. M'nyengo yozizira, droni ikaima kapena ikamayenda pa liwiro la mission, ikadutsa 17.5 A kwa masekondi 10 wailesi imalira, ndipo woyendetsa amatsika pomwe ali, osabwerera kaye. Nambala yanu muipeze pa droni yanu: yezani pa tsiku louma, muonjezepo 12 mpaka 15 pa 100. Ikalowa nyengo yotentha muisinthe, apo ayi izingolira.

Chinanso chaching'ono: droni yozizira mukailowetsa m'galimoto yotentha, galasi la kamera ndi mabodi amachita thukuta. Itsekereni m'bokosi lake muli panja, muitsegule patatha ola.

9 Ogasiti: mapu atha

Tauluka masiku atatu pakati pa 9 koloko ndi 11 koloko, nkhungu itachoka, mphepo ya Ogasiti isanalimbe. Maulendo asanu ndi awiri, mphindi 26 mpaka 28 uliwonse, magetsi osadutsa 16.5 A, VIBE pansi pa 15. Tsiku lina tinadikira mpaka 10 koloko chifukwa kumtsinje dew point inali idakali pafupi, ndipo ulendo wachitatu tinausiya mphepo itafika mamita 9 pa sekondi.

Ndalama zonse pamodzi ndi droni ndi R25,660, ndipo mwa izo R1,090 inapita pa mapulopela a 17 ndi mankhwala opopera omwe sitikuwagwiritsa ntchito. Bearing ya mota yakumbuyo kumanzere yayamba kulira pang'ono mukaizunguza ndi dzanja, mwina kuchokera pa kunjenjemera kwa mu Julayi, ndiye tisintha zonse zisanu ndi zitatu mwezi uno. Mu Okutobala, kutentha kukadutsa 30°C, tibwereza kuyeza mota ndi mapulopela a 16, chifukwa 63°C ija tinaipeza kunja kuli 28°C, kamera yolemerapo yomwe mwini famu akuifuna tisanaimangirire.